Mafuta a Nkhondo m'Combo ca Malonda

Usiku wa pa 4 August 2023, combo ca mafuta dzina lace Sig cinali pamadzi pafupi ndi mpata wa Kerch, umene ulekanitsa Crimea ndi mtunda wa Russia. Mumdimamo munadza kabwato kopanda munthu, kodzala ndi wonga, kotumidwa ndi ankhondo a Ukraine okhala kutali. Kanagunda combo m'nthiti, nikaboola pa cipinda ca makina, ndipo madzi analowa. Amalinyero 11 amene anali m'menemo anapulumuka onse, ndi combo comwe sicinamire. Koma kutaca kunauka makani. A ku Russia anadandaula kuti adani ao athira nkhondo combo ca malonda cosanyamula mfuti. A ku Ukraine anayankha kuti nchito ya combo cimeneco inali kutengera asilikari mafuta, ndi kuti dzina lace linalembedwa kale pakati pa zombo zoletsedwa.

Owerenga okondedwa, izi zinacitika kutali, pa nyanja imene ambiri a ife tingoiona pa mapu a m'sukulu. Koma mlandu uli m'menemo audziwa munthu ali yense amene anakhalapo pabwalo la mfumu. Ndiwo mlandu wa munthu wobisa mikondo m'dengu la ufa, ndi wa mlonda amene aona dengulo, nalemba dzina la mwini wace, nalileka lipite. Ndifuna tiwayese onse awiri. Ndipo ndinene poyamba pomwe cimene ndapeza, kuti inu mundiyese nanenso: wobisayo ndiye wopalamula, koma ciletso ca mlondayo ciri copepuka kopambana umo eni ace acitamira.

ULENDO WA MAFUTA

Nkhondo ya makono iyenda ndi mafuta monga munthu ayenda ndi nsima. Ndege ya nkhondo imwa mafuta a mtundu wa parafini wa m'nyali zathu, koma oyengeka bwino, ndipo pa ulendo umodzi wokha itha matani angapo. Mabomba angaunjikane ngati cimanga m'nkhokwe, popanda mafuta ndege ikhala pansi, mabombawo nacita dzimbiri.

Pa 30 September 2015 ndege za Russia zinayamba kuponya mabomba m'dziko la Syria, kuthandiza boma la Bashar al-Assad pa nkhondo ya paciweniweni imene inabuka m'caka ca 2011. Zinali kunyamuka pa bwalo la Hmeimim, pafupi ndi mzinda wa Latakia, ndipo mafuta ace anadzera panyanja. Combo cikacoka pa nyanja ya Black Sea cilowa m'mpata wopapatiza wa Bosphorus, pakati peni peni pa mzinda wa Istanbul, nicipyola mpata wina wa Dardanelles, nicidutsa pakati pa zisumbu za Greece, nicipitirira cisumbu ca Cyprus, kufikira madooko a Baniyas ndi Tartus ku gombe la Syria.

Koma njirayo inali nayo minga. M'December 2014 maiko a cigwirizano ca European Union analetsa kugulitsa, kutumiza kapena kulipirira mafuta a ndege omuka ku Syria, pakuti ndege za boma la kumeneko zinali kugwetsa migolo ya wonga pa misika ndi pa nyumba za anthu wamba. M'November 2016 olemba nkhani a Reuters anaulula kuti zombo ziwiri za mbendera ya Russia, Yaz ndi Mukhalatka, zinafikitsa mafuta otere ku Syria zitaima m'madooko a Greece ndi Cyprus, maiko a m'cigwirizano comweco. Masiku amenewo ndiwo amene mbali ya kum'mawa ya mzinda wa Aleppo inazingidwa, zipatala zace zirikugumuka ndi mabomba, kufikira inagwa m'December. Boma la Russia linayankha kuti ciletso ca ku Ulaya sicikhudza ndege zace.

Boma la America linadzera khomo lina, la ndalama. M'September 2016 linaletsa kampani ya zombo ya Sovfracht cifukwa ca nchito zace ku Crimea. Malonda a mafuta alipiridwa kawirikawiri ndi madola, ndipo madola apyola m'mabanki a America. Mabankiwo atayamba kugwira ndalama za kampaniyo, malipiro anayamba kuyenda m'dzina la kampani ina, Maritime Assistance. M'June 2018 anthu 8, ndiwo 5 a ku Russia ndi 3 a ku Syria, anaimbidwa mlandu wa zimenezi m'bwalo la ku Washington. Ndipo m'September 2019 boma lomwelo linalemba pa mndandanda wa zoletsedwa kampani yaciwiri ija, pamodzi ndi zombo 5, ndizo OT-2077, Passat, Sig, Sudak ndi Yaz, cifukwa ca mafuta a ndege otumizidwa ku Baniyas m'zaka za 2016 ndi 2017.

Taonani tsono. Dzina la Sig linalembedwa m'caka ca 2019, koma kabwato ka wonga kanacipeza combo cimeneco ciri pa nchito m'caka ca 2023. Zaka 4 cinayenda ciri coletsedwa, anthu openya zombo pa gombe la Istanbul nacionabe cirikupita ndi kubwera.

ZOBVALA ZA MALONDA

Nanga zombo zotere zipyola bwanji? Njira zace zazikulu ziri zinai.

Yoyamba ndiyo kubvala ngati wamalonda. Pangano la Montreux la caka ca 1936 lipatsa dziko la Turkey ulamuliro pa mipata iwiri ija. Kumapeto kwa February 2022, Russia atalowa m'Ukraine ndi nkhondo, Turkey anatseka mipatayo kwa zombo za nkhondo za maiko omenyanawo, kupatula zobwerera kwao. Koma pangano lomwelo lilola zombo za malonda kupita mwaufulu. Cotero combo ca mafuta ca gulu la nkhondo cinayenera kuima, pamene cinzace cosenza katundu yemweyo, kumka naye kwa asilikari omwewo, cinapita ndi makalata a malonda m'manja.

Yaciwiri ndiyo kuzima dzina. Kuyambira caka ca 2004 combo ciri conse cacikulu coyenda pakati pa maiko ciyenera kukhala ndi kawailesi kochedwa AIS, kolengeza kosaleka dzina lace, malo ace ndi kumene cirikumka, kuti zombo zisagundane. Kapitao wofuna kubisala angokazima poyandikira dooko loletsedwa, nakayatsanso atatula katundu.

Yacitatu ndiyo kutsanulirana mafuta pakati pa nyanja, combo ndi combo, kutali ndi maso a m'dooko, kuti wofika nao asakhale yemwe anawatenga.

Yacinai ndiyo kusintha dzina ndi mbendera. Pa 4 July 2019 asilikari a Britain ndi boma la Gibraltar anagwira combo cacikulu dzina lace Grace 1, ciri ndi migolo yoposa 2,000,000 ya mafuta osayenga a ku Iran, poganizira kuti cirikumka ku Baniyas. Anacimasula pa 15 August, Iran atalonjeza m'kalata kuti mafutawo sadzapita kwa oletsedwa. Amisiri anafafaniza dzina lakale, nalemba Adrian Darya 1. Combo cinacoka ndi mbendera ya Iran, cinazima kawailesi kace, ndipo m'September cinaoneka pa zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba, ciri pafupi ndi Tartus.

ZOWIRINGULA ZIWIRI

Cowiringula coyamba ndico ca eni zombo ndi ogulitsa. Iwo ati ali amtengatenga cabe. Katundu sali wao, ndipo woponya bomba ndi wina. Dzina ili la mtengatenga ife tilidziwa, ndipo sitilola kuti munthu alibwereke mopepuka. Makolo athu anasenza katundu wa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 kumka ku malire a kumpoto, ambiri natsala m'njira ndi njala ndi nthenda. Koma iwo anatengedwa mokakamiza. Anayenda usana, pa mzere umodzi ndi asilikari. Sanabise cimene anasenza, ndipo sanalemere naco. Mwini combo asankha yekha ulendo wace, nalandira mtengo wace. Akaona kuti banki yakana dzina lace, nabwera nalo lina, ameneyo wabvomera ndi dzanja lace kuti adziwa katundu wace ndi kumene amuka. Kuposa apo, acititsa anthu ena nchito imene sanaifune. Kalaliki wa m'banki wotumiza ndalamazo, ndi wanchito wa m'dooko wopatsa combo madzi, agwirako nchito ya nkhondo osafunsidwa.

Cowiringula caciwiri ciri colemera, ndipo tiyenera kucimva bwino. Russia anati anaitanidwa ndi boma la Syria, ndi kuti malamulo a ku Ulaya ndi a ku America sammanga iye. Pamenepa pali zoona. Ziletso zija sizinacokere ku bungwe la maiko onse la United Nations, pakuti m'Bwalo lace la Citetezo Russia ndi China ali nayo mphamvu ya kukana, ndipo anaigwiritsa nchito pa nkhani ya Syria kuyambira October 2011. Ndiponso tisaiwale kuti ndege za America ndi abwenzi ace nazonso zinaponya mabomba m'Syria kuyambira September 2014, ndi kuti mzinda wa Raqqa unasanduka bwinja m'caka ca 2017. Koma mafuta a ndege zimenezo panalibe wowaletsa. Woweruza amene aona mbali imodzi yokha sayenera kukhala pabwalo.

Koma cowiringulaci ciyankha funso la lamulo, nicisiya funso la cinyengo. Ngati mafutawo ali a gulu la nkhondo, ndipo mwini sacita nao manyazi, ayende pansi pa mbendera ya nkhondo, ndi amalinyero olembedwa usilikari, odziwa cimene alowa. Combo sicingakhale msilikari pa Baniyas, nicikhala wamalonda pa Istanbul ndi pa Kerch. Cikafuna ufulu wa wamalonda popita, ndi citetezo ca wamalonda pobwera, ciri ndi katundu wa nkhondo m'mimba, cifuna zinthu ziwiri zosayenderana. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Koma apa wobvumbwa sakhala mwini wocenjerayo, akhala anyamata 11 aja ogona pamwamba pa makina.

KULEMERA KWACE KWA CILETSO

Tsopano titembenukire kwa mlonda. Sindinena kuti ciletso ciri cacabe, iai. Cinatsekereza Sovfracht ku mabanki, cinakweza mtengo wa ulendo uli wonse, ndipo cinalemba maina, zaka ndi madooko poyera, kotero kuti lero tikhoza kuwachula. Koma ndiona zirema zinai m'menemo.

Coyamba, cigwa pa dzina. Dzina la combo ndi utoto, ndipo dzina la kampani ndi pepala. Zonse ziwiri zisinthika masiku owerengeka. Pofika October 2025 maiko a European Union anali atalemba zombo zoposa 500 za mumdima zothandiza Russia, zambiri zosenza mafuta ace a malonda. Ena aona khama m'ciwerengero cimeneci. Ine ndionamonso umboni wakuti mlonda alemba msanga, koma dengu lipitabe.

Caciwiri, ciribe dzanja pakati pa nyanja. Lamulo la maiko liti combo ciri kutali ndi gombe ciweruzidwa ndi dziko la mbendera yace lokha. Ngati dziko limenelo ndilo mwini katundu, adzacigwira ndani? Ndipo combo codzala mafuta sicithiridwa mfuti popanda kuononga nyanja ndi nsomba za anthu osalakwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Cacitatu, woletsa yemwe nthawi zina asiya khomo la kuseri losatseka. Ici tinacionera pafupi ndi kwathu. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mosaloledwa pa 11 November 1965, Britain analetsa mafuta kumka kumeneko. M'April 1966 combo ca Joanna V cinafika pa Beira ndi mafuta, ndipo pa 9 April Bwalo la Citetezo linalola Britain kuimitsa zombo zotere ndi mphamvu. Zombo za nkhondo za Britain zinalonda kunja kwa Beira kufikira caka ca 1975, ndipo mpope womuka ku Umtali unauma. Koma mafuta analowabe m'Rhodesia, kudzera ku Lourenço Marques ndi ku South Africa. Ndipo kufufuza kwa Bingham, kumene kunasindikizidwa m'caka ca 1978, kunaonetsa kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinali m'malondawo. Zaka 9 mlonda anaima pa khomo la kutsogolo ndi mkondo, a m'nyumba mwace alikupereka katundu pa zenera. Ndege za Rhodesia sizinasowe mafuta pokaponya mabomba pa Chimoio m'November 1977.

Cacinai, cimene cindiwawa koposa: ciletso cikankhira ngozi kwa ang'ono. Pa 21 January 2019 zombo ziwiri za mbendera ya Tanzania, Candy ndi Maestro, zinapsa pafupi ndi mpata womwewo wa Kerch, zirikutsanulirana mpweya woyaka pakati pa madzi. Zonse ziwiri zinali zitachulidwa ndi boma la America pakati pa zombo zofikitsa mafuta ku Syria. Mwa amalinyero 32, ambiri a ku India ndi Turkey, anapulumuka 12 okha. Momwemonso Grace 1 citagwidwa, Iran anabwezera pa 19 July 2019 pogwira combo ca mbendera ya Britain, Stena Impero, ndi amalinyero ace 23, amene sanadziwe kanthu za mlanduwo. Combo cinakhala m'manja mwao miyezi iwiri. Eni makampani ndi nduna za maboma anagona m'nyumba zao masiku onsewo.

CIMENE CITAYIKA

Pali cinthu cimodzi cimene malonda onse a panyanja atsamirapo, ndico cikhulupiriro cakuti combo ca malonda ciri ca malonda ndithu. Cifukwa ca cikhulupiriro cimeneci Turkey atsegula mpata, madooko alandira alendo, ndipo msilikari aleka kuombera munthu wosanyamula mfuti. Munthu mmodzi akabisa mikondo m'dengu la ufa, tsiku lotsatira amai onse omuka kumsika atulitsidwa madengu ao, ena namenyedwa. Ndipo pa Black Sea kukayikirana kotere kunafika. M'July 2023 Russia, atacoka m'pangano lolola tirigu wa Ukraine kutuluka, analengeza kuti zombo zonse zomuka ku madooko a Ukraine adzaziyesa zokhoza kusenza katundu wa nkhondo. M'August, masiku omwewo a Sig, Ukraine analengeza kuti madzi a madooko 6 a Russia ali malo a ngozi ya nkhondo. Pakati pa mau awiriwa panali zombo za tirigu ndi za feteleza, ndi amalinyero a mitundu yambiri ofuna kudyetsa ana ao.

Apa ndipo nkhaniyi itifika ife. Dziko lopanda gombe la nyanja yamcere, monga Malawi kapena Zambia, lidya za m'zombo. Parafini, petulo ndi feteleza zitsika pa Beira, pa Nacala ndi pa Dar es Salaam zisanakwere galimoto kudza kuno. Zombo za malonda zikayamba kuopedwa ndi kuopa, mtengo wa ulendo ukwera, ndipo mtengo umenewo utsirizira pa thumba la feteleza la mlimi wa kumudzi.

Boma la Assad linagwa pa 8 December 2024, iye nathawira ku Moscow, ndipo m'caka ca 2025 maiko a ku Ulaya ndi America anacotsa zambiri za ziletso zao pa Syria. Ulendo uja wa ku Baniyas tsono uli nkhani yakale, koma macenjerero ace anaphunziridwa ndi ambiri. Cifukwa cace ciweruzo canga ndi ici. Wosenza mafuta a nkhondo m'zobvala za malonda walakwira anthu a pansi pa mabomba, walakwira amalinyero ace, walakwiranso combo ciri conse coona mtima. Ndipo amene afuna kumletsa aleke kudzitama ndi kutalika kwa mndandanda. Atsate munthu mwini, ndi ndalama zace, ndi wombwereka mbendera, ndi wolonjeza kumlipira combo cikaonongeka, pakuti awa sasinthika ndi utoto. Ayambe kusesa m'nyumba mwace, kuti za ku Beira zisabwerezeke. Ayese ndege za abwenzi ndi muyeso womwewo wa ndege za adani. Ndipo pogwira combo akumbukile kuti wanchito wa m'cipinda ca makina ndiye wotsiriza pa kupalamula, asamsandutse woyamba pa kulangidwa.

Kufikira zimenezi zitacitika, phindu lalikulu la ciletso lidzakhala lija la kulemba maina. Laling'ono ndithu, koma tisalipepule. Za Shell ndi BP zinabisika zaka zoposa 10, nizituluka. Maina a Yaz ndi Sig alembedwa, ndi zaka zace, ndi dooko lace. Ana a ku Aleppo amene anatsala adzakula, nadzafuna kudziwa amene anatengera ndege zija mafuta, ndipo adzapeza poyambira kufunsa. Akulu anati mlandu suola.